Mphunzitsi akamaopa masamu, ana athawira kuti?

Pamsika wa Mbulumbuzi, m'mphepete mwa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba, mayi wogulitsa tomato safuna pensulo kapena kope. Wogula akatenga milu itatu ya K700 ndi mulu umodzi wa anyezi wa K400 n'kupereka K5,000, mayiyo amabweza chenje cha K2,500 asanamalize n'komwe kumanga jumbo. Pofika madzulo amakhala akudziwa ya mpamba, ya phindu, ya chiphaso cha msika komanso yomwe akaponye ku banki m'khonde.

Koma mutamufunsa ngati amadziwa masamu, amaseka n'kunena kuti mutu wa masamu alibe, n'chifukwa chake sukulu idamukanika.

Mawu omwewa amamvekanso kwa ana a amayi ngati amenewa, ana omwe adafika Folomu 4, adakhoza mayeso a MSCE ndipo adapeza malo kusukulu ya uphunzitsi. Kusiyana kwake n'koti mayiyo atha kukalamba osayimanso pabolodi, pomwe mwana wakeyo pakangotha miyezi yowerengeka amakayima kutsogolo kwa ana odzadza kalasi, choko chili m'manja, nthawi ya masamu itakwana.

Boma la Chiradzulu ndi laling'ono, la anthu oposa 350,000 malinga ndi kalembera wa 2018, koma pankhani ya maphunziro lili ndi mbiri yakale. Mbusa John Chilembwe atabwera kuchokera ku America mu 1900 adakhazikitsa mishoni ya PIM ku Mbombwe ndipo adatsegula sukulu zingapo m'midzi yozungulira. Ku Nguludi, dzina la Montfort lakhala likudziwika kwa zaka zambiri ndi ntchito yosula aphunzitsi, ndipo pamalo omwewo mpomwe padatsegulidwa Catholic University mu 2006. M'boma lomweli mulinso Chiradzulu Teachers Training College, imodzi mwa sukulu za boma zosulira aphunzitsi a ku pulayimale.

Achinyamata omwe amalowa m'makoleji oterewa amabwera ndi zifukwa zosiyanasiyana. Ena uphunzitsi amaukonda kuyambira ali ana. Ena amabwera kaamba koti malo a ku yunivesite adachepa, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Koma onse amakumana ndi lamulo limodzi: mphunzitsi wa ku pulayimale sasankha phunziro. Ku sekondale munthu atha kukhala wa Chichewa ndi Baibulo moyo wake wonse, koma ku pulayimale amasulidwa kuti aphunzitse zonse, masamu ali momwemo.

Choncho mnyamata kapena mtsikana yemwe adapumira m'mwamba tsiku lomwe adalemba pepala lomaliza la masamu a MSCE, poganiza kuti wasiyana nawo mpaka kalekale, amawapeza akumudikira pakhomo la koleji.

Si ulesi, si umbuli

Omwe ali ndi vutoli amalidziwa bwino. Munthu akangomva kuti mawa kuli masamu, tulo timasowa. Akaitanidwa kubolodi mtima umagunda, m'manja mumatuluka thukuta, nkhongono zimazizira, ndipo samu yomwe dzulo lake amaikhoza ali yekha kuchipinda imathawa m'mutu. Akabwerera pampando wake yankho limabwera lokha, koma nthawi itatha kale.

Akatswiri a zamaganizo akhala akufufuza za mantha amenewa kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Mu 1972, Frank Richardson ndi Richard Suinn a ku America adakonza mndandanda wa mafunso 98 woyezera kukula kwa manthawa mwa munthu. Mu 1978, mayi wina wotchedwa Sheila Tobias adalemba buku lotchedwa Overcoming Math Anxiety, lomwe lidatsindika kuti anthu ambiri, makamaka amayi, amathawa masamu osati chifukwa chopanda nzeru koma chifukwa cha zomwe adakumana nazo ali ana.

Chomwe chikukhudza kwambiri nkhani ya aphunzitsi chidatuluka mu 1990. Ray Hembree adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 151 ndipo adapeza kuti mwa ophunzira a m'makoleji, omwe amaopa masamu kuposa anzawo onse ndi omwe akukonzekera kukaphunzitsa ku pulayimale. Kunena kwina, anthu omwe amakayala maziko a masamu mwa ana ndi omwewonso masamuwo amawasowetsa mtendere.

Nanga zimatheka bwanji kuti munthu aiwale zomwe akuzidziwa? Mark Ashcraft ndi Elizabeth Kirk adafotokoza izi mu 2001. Pochita samu, ubongo umasunga kwa kanthawi manambala omwe munthu akugwiritsa ntchito, monga 1 uja timati "tisunge" pophatikiza 47 ndi 38. Malo osungirawo ndi ochepa. Nkhawa ikabwera, maganizo oti "ndilakwitsa, andiseka" amatenga malo omwewo, ndipo manambala amasowa pokhala. N'chimodzimodzi dengu lomwe mwadzadza kale makoko, nandolo weniweni alowa pati? Akatswiriwa adapeza kuti anthu amantha amavutika kwambiri pa masamu ofuna kusunga nambala pamtima kusiyana ndi masamu osafuna kusunga.

Vutoli si la kuno kokha. Pa kafukufuku wa PISA wa 2012, yemwe adafunsa ana a zaka 15, ana 59 mwa 100 aliwonse a m'maiko olemera a bungwe la OECD adavomera kuti nthawi zambiri amada nkhawa kuti phunziro la masamu liwavuta. Amenewatu ndi ana okhala pa madesiki, aliyense ali ndi buku lakelake.

Manthawa amachokera kuti?

Palibe mwana amabadwa akuopa nambala. Mwana wa zaka zinayi amawerenga mbuzi zikamalowa m'khola, ndipo amadziwa msanga mnzake akapatsidwa zitumbuwa ziwiri iye chimodzi. Mantha amayambira kusukulu, ndipo akuluakulu ambiri atha kutchula kalasi yeniyeni yomwe adayambira.

Omwe adaphunzira kale amakumbukira masamu a pamtima a m'mawa, aja ankatchedwa mental. Ana amaima, mphunzitsi ali ndi kamtengo m'manja, funso likugwa ngati mphezi: 7 kuchulukitsa ndi 8. Wochedwa kuyankha amalandira chake pompo. Unduna wa zamaphunziro umaletsa kumenya ana m'sukulu, koma chikwapu cha pakamwa sichidathe. Mwana yemwe adatchedwa mbuzi pamaso pa anzake kaamba kolephera samu ya kugawa amaphunzira chinthu chimodzi tsiku limenelo, kuti njira yabwino yopulumukira ndi kukhala chete kumbuyo kwa kalasi.

Kachitidwe kameneka kamaphunzitsanso bodza loti wodziwa masamu ndi amene amayankha msanga. Chonsecho alipo ana ambiri oganiza mofatsa omwe akadapatsidwa mphindi imodzi yokha akadapeza yankho.

Gwero lina ndi chiyankhulo. M'makalasi oyambirira ana ambiri amamva masamu m'Chichewa, koma akafika Sitandade 5 zonse zimatembenukira ku Chingerezi, nthawi yomweyo masamuwo akuyamba kulimba. Mwana amadziwa kuti volume ndi ya wailesi, lero akumva kuti ndowa nayo ili ndi volume. Amadziwa kuti table ndi podyera, lero akuuzidwa kuti aloweze table ya 9. Pulofesa Mercy Kazima wa ku University of Malawi adafufuzapo za nkhani imeneyi, ndipo zomwe adasindikiza mu 2007 zidaonetsa kuti ophunzira a m'dziko muno amamva mawu ena a Chingerezi a m'masamu motengera matanthauzo a m'Chichewa, mosiyana ndi zomwe buku likufuna kunena. Mwana wotere akalakwa, amalembedwa kuti sadziwa masamu, pomwe chamugwetsa ndi Chingerezi.

Palinso mbiri ya dziko lino yomwe siyenera kuiwalika. Boma la Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Pofuna kuti anawo asakhale okha, boma lidalemba ntchito aphunzitsi pafupifupi 18,000 omwe anali asanapite kukoleji, ambiri a iwo ali ndi setifiketi ya JCE. Kuyambira mu 1997 aphunzitsiwa adayamba kusulidwa kudzera mu ndondomeko ya MIITEP, yomwe inkawapatsa miyezi itatu yokha kukoleji poyamba, kwinako n'kumaphunzira ali pantchito.

Aphunzitsi amenewa adasenza dziko panthawi yovuta ndipo sayenera kunyozedwa. Koma munthu amapereka chomwe ali nacho. Yemwe adaphunzira masamu poloweza malamulo amaphunzitsanso poloweza malamulo, makamaka akakhala ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo. Zotsatira zake zidaoneka pa mayeso a SACMEQ omwe amayerekeza ana a Sitandade 6 a m'maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ana a ku Malawi adapeza mapointi 433 pa masamu, pomwe pakatikati pa maiko onse padali pa 500. Mu 2007 adakwera pang'ono kufika pa 447, koma adali achiwiri kuchokera kumunsi, pamwamba pa Zambia yokha.

Achinyamata omwe akulowa m'makoleji a uphunzitsi masiku ano adadutsa m'makalasi a mtundu umenewu. Ambiri masamu adawakhoza poloweza njira usiku wonse mayeso atayandikira. Njira yoloweza imathandiza kudutsa mayeso a Maneb, koma imagwa mwana wa Sitandade 2 akakweza mkono n'kufunsa chifukwa chake.

Taganizirani samu iyi: 52 kuchotsera 27. Tonse tidaphunzira kuti 2 kuchotsa 7 sizitheka, ndiye tibwereke 1 kwa 5. Nanga mwana atafunsa kuti, "Aphunzitsi, 1 tabwerekayu tidzabweza liti? Nanga bwanji 1 akafika kwa 2 akukhala 12 osati 3?" Apa mpomwe mphunzitsi woloweza amagwira njakata. Ena amakalipa. Ena amangoti ndi momwe zimakhalira, lembani.

Amapatsirana ngati chimfine

Chodetsa nkhawa n'choti mantha a mphunzitsi sathera mwa iye yekha. Mu 2010, Sian Beilock ndi anzake a ku University of Chicago adasindikiza zomwe adapeza atatsatira aphunzitsi aakazi 17 a makalasi awiri oyambirira pamodzi ndi ana awo 117 kwa chaka chonse. Kumayambiriro kwa chaka padalibe mgwirizano uliwonse pakati pa mantha a mphunzitsi ndi kakhozedwe ka ana. Pofika kumapeto, atsikana omwe aphunzitsi awo ankaopa kwambiri masamu ndi omwe ambiri adayamba kukhulupirira kuti masamu ndi a anyamata, kuwerenga ndiye kwa atsikana. Atsikana omwe adakhulupirira zimenezi adakhoza masamu mochepera kuposa anzawo. Anyamata sadakhudzidwe.

Mphunzitsi safunika kuuza ana kuti amaopa. Ana amangoona okha. Amaona mphunzitsi akamathamangitsa phunziro la masamu kuti lithe msanga, akamakhala nthawi yaitali pa nyimbo ndi ndakatulo, akamasintha nkhope mwana akafunsa funso lomwe mulibe m'buku.

Nkhani imeneyi ikutikhudza kuno chifukwa m'sukulu zambiri makalasi a ana aang'ono amapatsidwa kwa aphunzitsi aakazi, ndipo mawu oti masamu ndi a anyamata akadamvekabe m'makomo. Palinso chizolowezi chomwe chimaoneka ngati chanzeru: mphunzitsi woopa masamu amapempha kalasi ya m'munsi poganiza kuti kumeneko masamu ake ndi osavuta, kapena amasinthana ndi mnzake kuti iye atenge Chichewa ndi Chingerezi. Kusinthanako kumatheka pasukulu ya aphunzitsi ambiri. Pasukulu ya kumudzi komwe mphunzitsi mmodzi ali ndi kalasi yonse yekha, palibe wosinthana naye. Ndipo kuthawira ku Sitandade 1 ndi 2 ndiko kuika munthu wamantha pamaziko penipeni, pomwe akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Zaka ziwiri zokonzera zomwe zidawonongeka

Kuyambira mu 2005 aphunzitsi a ku pulayimale akhala akusulidwa kudzera mu ndondomeko ya IPTE, ya zaka ziwiri. Poyamba chinali chaka chimodzi kukoleji, china kusukulu yoyeserera ntchito. Mu 2017 ndondomekoyi idakonzedwanso kuti wophunzira akhale materemu awiri kukoleji, awiri kukayeserera, kenako n'kubwerera kukoleji materemu awiri omaliza. Ubwino wa kubwererako ndi woti munthu amabwera ndi mafunso enieni omwe ana adamufunsa n'kumusowetsa chonena.

Zaka ziwiri n'zochepa poyerekeza ndi zaka 12 zomwe mantha adakhala akumera. Komabe zilipo zinthu zomwe zimathandiza, ndipo zambiri sizifuna ndalama.

Choyamba ndi kuvomera. Wophunzira uphunzitsi amaganiza kuti ndi yekha amene mafulakishoni amamuzunguza, pomwe ena ambiri m'kalasi momwemo akubisa zomwezo. Gulu la anthu anayi kapena asanu lokumana madzulo, momwe aliyense amafotokozera anzake samu imodzi mokweza ngati akuphunzitsa ana, limachita zambiri kuposa kuwerenga wekha usiku wonse. Kulakwitsa pamaso pa anzako anayi n'kopepuka kusiyana ndi kukalakwitsa koyamba pamaso pa kalasi yonse ndi mphunzitsi woyendera ali kumbuyo ndi cholembera. Paja safunsa adadya phula.

Koma chachikulu ndi kubwerera pachiyambi n'kuphunziranso masamu a ku pulayimale, ulendo uno pofuna kumvetsa osati kuloweza. Ena amaona ngati kunyozeka kuti munthu wa MSCE agwire timiyala ndi zitsekerero za mabotolo. Kafukufuku wa Liping Ma, yemwe adatuluka m'buku mu 1999, amaonetsa kuti maganizo amenewa ndi olakwika. Iye adapempha aphunzitsi a ku America ndi a ku China kuti apeke nkhani yofotokozera ana tanthauzo la 1¾ kugawa ndi ½. Mwa aphunzitsi 23 a ku America, mmodzi yekha ndiye adapeka nkhani yolondola. Mwa aphunzitsi 72 a ku China, 65 adakwanitsa. Chodabwitsa n'choti a ku China adakhala zaka zochepa pasukulu kuposa anzawo a ku America omwe adali ndi madigiri. Chomwe adawaposera n'choti masamu aang'onowo ankawadziwa mozama, ndipo ankakambirana kawirikawiri za kaphunzitsidwe kake.

Samu yomwe idagwetsa a madigiriyi mlimi wa ng'ombe za mkaka wa ku Chiradzulu atha kuimasula ali m'khola. Wakama malita 1¾ ndipo ali ndi mabotolo a theka la lita. Adzadza mabotolo angati? Lita imodzi idzadza awiri, theka lina lidzadza lachitatu, kota yotsalayo ifika pakati pa botolo lachinayi. Yankho ndi 3½. Wophunzira uphunzitsi akaona zimenezi ndi maso ake, lamulo lija adaloweza ku sekondale loti tembenuza fulakishoni yachiwiri n'kuchulukitsa limasiya kukhala matsenga. Kugawa ndi theka ndi kufunsa kuti matheka alimo angati, basi.

Makoleji a m'dziko muno akhala akulimbikitsa kwa nthawi yaitali njira ya TALULAR, yomwe ndi kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo: timitengo, njere za chimanga, makatoni, zingwe, dongo. Nthawi zambiri zipangizozi zimaonedwa ngati za ana okha, kapena zokapachika kukhoma kuti woyendera aone. Koma woyamba kuthandizidwa nazo ndi mphunzitsi mwini wakeyo, chifukwa samu yomwe waigwira ndi manja sithawa m'mutu ngati yoloweza.

Chichewa nacho chili ndi chuma chomwe ambiri sachiona. Tikamati zisanu ndi ziwiri, taphatikiza kale 5 ndi 2. Tikamati khumi ndi ziwiri, tanena poyera kuti 12 ndi khumi limodzi ndi ziwiri zapadera, zomwe liwu la Chingerezi la nambala yomweyo silionetsa. Makumi atatu ndi 3 kuchulukitsa ndi 10. Ngakhale pamsika tonse timawerenga ndalama m'Chingerezi, mphunzitsi wochenjera atha kugwiritsa ntchito mawerengedwe a makolowa pofotokozera ana za makumi. Bawo nayenso ndi sukulu payekha: maenje 32, njere 64, ndipo katswiri amawerengera pamtima pomwe njere yomaliza ikagwere asanagwire n'komwe. Madala ambiri omwe amati sukulu idawakanika amachita zimenezi tsiku lililonse pansi pa mtengo wa mango.

Pa mantha a nthawi ya mayeso, Gerardo Ramirez ndi Beilock yemwe uja adayesa njira yosavuta mu 2011. Adapempha ophunzira ena kuti alembe nkhawa zawo zonse papepala kwa mphindi 10 mayeso asanayambe. Omwe adalemba adakhoza bwino kuposa anzawo amantha omwe sadalembe. Si mankhwala ochiza aliyense, ndipo salowa m'malo mwa kukonzekera, koma pepala limodzi ndi mphindi 10 sizingamusaukitse munthu.

Aphunzitsi a m'makoleji nawo ali ndi gawo lawo. Kuyambira mu 2014, University of Malawi mogwirizana ndi University of Stavanger ya ku Norway idayendetsa ntchito yotukula kasulidwe ka aphunzitsi a masamu, ndipo Pulofesa Kazima adali mmodzi mwa otsogolera. Mwa zina, aphunzitsi a masamu a m'makoleji a boma ankakonzera limodzi phunziro, mmodzi n'kuliphunzitsa anzake akuonerera momwe ophunzira akumvera, kenako n'kukhala pansi kulikonzanso. Njira imeneyi idachokera ku Japan. Phindu lake kwa munthu wamantha ndi loti diso limachoka pa iye n'kupita pa phunzirolo: likavuta, ndi phunziro la gulu lonse lomwe lavuta.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 unduna wa zamaphunziro, ndi thandizo la boma la Britain, udayambitsanso National Numeracy Programme pofuna kusintha kaphunzitsidwe ka masamu mu Sitandade 1 mpaka 4, kuti ana azigwira zinthu, kuyesa njira zawo ndi kufotokoza momwe apezera yankho. Cholingacho n'chabwino. Koma kalasi yomwe ana ali ndi ufulu wofunsa ndi kubwera ndi njira zawozawo imafuna mphunzitsi wolimba mtima kuposa kalasi yongobwereza mawu. Buku latsopano m'manja mwa mphunzitsi wamantha litha kuphunzitsidwa mwa kale lomwe.

China chomwe chimabwezera zinthu m'mbuyo ndi kudikira. Magulu angapo a omaliza IPTE adakhalapo kunyumba zaka asanalembedwe ntchito ndi boma. Luso lomwe munthu walipeza movutikira limachita dzimbiri akakhala osaligwiritsa ntchito, ndipo amene amathandiza ana a m'mudzi masamu madzulo panthawi yodikirayi amadzithandizanso yekha.

Kunyumba nako

Makolo ambiri sadziwa kuti mawu oti "ifenso masamu ankatikanika, ndi za kumtundu" ndi katundu wolemera kwa mwana. Amanenedwa pofuna kumutonthoza, koma mwanayo amamva kuti palibe chifukwa choyeseranso. Zimapweteka kwambiri mayi akauza mwana wake wamkazi, mayi yemweyo amene amawerengera chiwongoladzanja cha gulu lonse la banki m'khonde osalakwitsa ndi tambala yomwe.

Kholo silifunika kudziwa masamu a m'buku kuti lithandize. Mwana atha kuwerengera chenje pa okala, kuyeza ndowa za chimanga polowetsa m'matumba, kapena kuwerengera kuti ulendo wa kabaza wopita ndi kubwera kwa sabata yonse udya ndalama zingati. Akalakwitsa, kumufunsa kuti wapeza bwanji kumathandiza kuposa kumukalipira, chifukwa pofotokoza nthawi zambiri amadzigwira yekha.

Pafunikanso kusiyanitsa mantha ndi vuto lina lomwe akatswiri amalitcha dyscalculia. Pali ana ochepa omwe ngakhale mtima uli m'malo amavutika kuzindikira kuti nambala yaikulu ndi iti pakati pa 6 ndi 9, kapena kuona kuti timiyala tili pansi ndi tinayi popanda kuwerenga kamodzikamodzi. Ana otere safuna chikwapu kapena kubwereza kalasi kosatha, amafuna thandizo lapadera. Koleji ya Montfort ku Nguludi imasula aphunzitsi a ana osaona, osamva komanso ovutika kuphunzira, ndipo kholo lomwe likukayika litha kuyamba ndi kufunsa mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ya mwanayo za komwe kuli mphunzitsi wotere m'deralo.

Nanga funso lija la 1 wobwereka?

Wophunzira uphunzitsi yemwe wakonzeka amalowa m'kalasi la Sitandade 2 atanyamula timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi ndi luzi. Amayala pansi mitolo isanu ndi timitengo tiwiri tapadera, n'kufunsa ana kuti tonse tilipo tingati. Akagwirizana kuti ndi 52, amaitana mwana mmodzi kuti achotsepo 27.

Mwanayo amatola mitolo iwiri mosavuta. Akafuna timitengo 7 amapeza kuti tapadera tilipo tiwiri tokha. Amayang'ana aphunzitsi. Apa mphunzitsi amafunika kudziletsa, osamuuza chochita, ngakhale kalasi itakhala chete kwa kanthawi. Posakhalitsa wina kumbuyo amakuwa kuti amasule mtolo umodzi.

Luzi likamasulidwa, timitengo khumi timagwera pa tiwiri tija n'kukhala 12. Palibe chomwe chabwerekedwa ndipo palibe chodzabweza. Mtolo umodzi wangosanduka timitengo khumi, monga momwe wogulitsa pamsika amasinthira K1,000 kukhala ma K100 khumi kuti apeze chenje. Mwanayo amachotsa 7, ndipo kalasi yonse imawerenga zomwe zatsala pansi: mitolo iwiri ndi timitengo tisanu, 25.